Khonde Limene Sindinayeze

Ndagwira sowo ndi hamala zaka zoposa makumi anayi. Sukulu ndinalekeza Sitandade 6, koma pa nkhani ya matabwa palibe wa satifiketi amene anandikonzapo. Kuyambira kwathu ku Kaseye mpaka pa boma, munthu akafuna denga, zitseko kapena mabenchi a tchalitchi, ankanditumira uthenga. Ndinkafika, kuzungulira nyumba ndi mapazi, kuima pang'ono, kenaka kunena: matabwa akuti, misomali makilo akuti. Sindinkalemba. Ntchito ikatha pankatsala thabwa limodzi kapena awiri. Madalaivala a kumalire ankanditcha fundi, kutanthauza mmisiri, ndipo dzinalo ndinkalikonda.

Pali ntchito imodzi imene ndinaiwononga ndili kale ndi imvi.

Mwana wanga wachitatu amayendetsa lole ya katundu, amatha milungu ali ku Tanzania. Anakwatira namwino wochokera kummwera amene anabwera kuno pa ntchito. Anamanga nyumba pa boma, pamalo otsetsereka. Kumaso kuli bwino, koma kuseri nthaka imatsika kulowera kudambo, moti ukatsegula chitseko umatsika masitepe anayi.

Chaka chimenecho mayi ake a mkaziyo anadwala matenda ofa ziwalo. Dzanja ndi mwendo wa kumanzere zinaleka kugwira ntchito. Anawo anagwirizana zowatenga kuti adzakhale kuno. Mpongozi wangayo, amene kuno timati mkamwana, anawagulira mpando wa matayala. Anafunanso khonde la matabwa kuseri, lokwera kufanana ndi pansi pa nyumba, loyambira pa chitseko cha chipinda cha wodwalayo mpaka pa chitseko cha khitchini. Ankati mayi ake ndi munthu wa kumunda, m'chipinda sangakhalemo tsiku lonse. Aziwothera dzuwa, aziona dambo, azicheza naye akamaphika. Kuthira dothi ndi kumanga ndi njerwa kunali kodula. Ndiye anaitana ine.

Kwathu kuno bambo sayang'anizana ndi mkazi wa mwana wake. Sadyera naye pamodzi, sakhala naye pa mphasa imodzi, ndipo kuseri kwa nyumba yake, kumene amasamba ndi kuyanika zovala, sapitako mwiniwake alipo. Mawu amadzera mwa munthu wina. Kummwera kwawo sizili chotero, koma mkamwana wanga anaphunzira msanga. Ndikafika ankagwada chapatali, nkhope kumbali, n'kunena kuti, "Monire, adada." Zotsala ankauza mkazi wanga, mkazi wanga n'kuuza ine. Ndinkamutama pa zimenezi kwa anzanga.

Tsiku loyeza ndinapita pa njinga, mkazi wanga ali pakaliyala. Mwana wanga anali pa ulendo. Tinapeza mkamwana ali kuseri, akuchapa. Kuseriko kunali kotchingidwa ndi mpanda wa udzu mbali zonse ziwiri, ndi nthochi. Pamwamba pa mpandawo ndinaona chingwe, ndi zovala zake zili pamenepo. Ndinatembenuka.

Mkazi wanga anati, "Ndimuuze achotse zovalazo, alowe m'nyumba, inu mukayeze."

Ndinati, "Musamuvutitse. Nyumba ndi nyumba. Kumaso ndi kuseri n'chimodzimodzi."

Ndinayenda khoma la kumaso. Ndikaponda kamodzi motambasula mwendo, imeneyo ndi yadi, mafiti atatu. Ndinaponda kasanu ndi katatu. Mafiti makumi awiri ndi anayi. Khonde lituluke mafiti khumi kuchoka pa khoma, chifukwa ndiwo utali wa thabwa. Thabwa la mainchi asanu ndi atatu m'lifupi, atatu amatseka mafiti awiri. Ndiye matabwa makumi atatu ndi asanu ndi limodzi, kuwonjezapo anayi a ngozi. Makumi anayi. Pansi pake mitanda mizere inayi, nsanamira, misomali makilo asanu ndi imodzi, oyilo wakuda wa galimoto wopaka kuopa chiswe, ndi ndalama ya lole. Zonse ndinamaliza m'mutu mkazi wanga asanamalize kumwa madzi.

Anapita kukanena, ndipo anabwera ndi pepala lopinda.

"Akuti anayeza yekha dzulo ndi tepi ya atelala. Akuti muone ngati zikugwirizana."

Ndinalilandira ndi zala ziwiri. Tepi yoyezera m'chiuno mwa akazi, pa ntchito yanga. Ndinaliika m'thumba la jekete osalitsegula.

"Akufunsanso kuti mwatsimikiza? Ndalama ndi zomwezi, zina zapita ku mpando ndi ulendo wa amayi ake."

Ndinayankha mokweza kuti limveke kuseri kwa mpanda. "Muuzeni kuti ine ndikadwala sindimuphunzitsa kubaya jakisoni."

Madzi ochapira anasiya kumveka. Kenaka mawu othokoza mwa chikwathu anabwera: "Yewo, adada." Ndalama inabwera m'kansalu, yokwanira monga ndinanenera.

Matabwa ndinakagula kumapiri, kwa anthu ocheka ndi sowo yamanja amene ndagula kwa iwo zaka zambiri. Anali a bulugamu, aawisi ndithu. Ndinawerenga ndekha pokweza. Lole inatsika nawo mitambo itayamba kale kusonkhana. Msewu umenewo mvula ikangogwa kawiri, lole sikwerako mpaka Epulo.

Pomanga ndinatenga mnzanga wa kuubwana, womanga njerwa, munthu wa pakamwa posatseka. Tinafika m'mawa mkamwana atapita kale ku ntchito. Anatisiyira tiyi m'fulasiki ndi chinangwa, zovala zonse atachotsa. Kanali koyamba kuti ndiponde kuseri kwa nyumba imeneyo chimangireni.

Nditangodutsa mpanda ndinaona. Khitchini sinali mkati mwa nyumba monga ndinkaganizira. Anaimanga pambuyo pake, yophatikiza kumbali, yobisika ndi nthochi. Khoma la kuseri linali lalitali. Ndinaliyenda. Kakhumi. Ndinabwerera n'kuyendanso, ndikutambasula mwendo kuposa muyeso, ngati khoma linganyengeke. Kakhumi ndithu. Mafiti makumi atatu.

Ndinapita kuseri kwa nthochi ngati ndikukataya madzi, n'kutulutsa pepala lija. Analemba bwino, ndi cholembera chofiira. Anajambula khoma, zitseko ziwiri, ndi mafiti makumi atatu. Pansi: matabwa makumi anayi ndi asanu ndi anayi. Pafupi ndi nambalayo analemba kuti, "Koma adada ndiwo akudziwa."

Ndinaling'amba, n'kuliponya m'dzenje loyamba la nsanamira limene tinakumba.

Pa matabwa anga makumi anayi, awiri anali ong'aluka. Otsala makumi atatu ndi asanu ndi atatu. Mitanda inali yokwana mizere inayi pa khoma lalifupi, pa lalitali itatu basi. Kufupikitsa khonde sikukanatheka, chifukwa zitseko zinali kunsonga zonse ziwiri. Njira yoongoka inali imodzi: kutuma mkazi wanga kukanena kuti ndalakwitsa. Tsiku limenelo msewu unali usanawonongeke. Ndikanagulitsa mbuzi ziwiri n'kukwera kumapiri mawa lake. Ndinaziganiza zonsezo nditaima pomwepo, ndipo ndinatenga hamala.

Ndinaika mitanda itatu m'malo mwa inayi. Matabwa ndinawatalikitsa. Pa khonde mpata woyenera ndi wa msomali umodzi, wongodutsa madzi. Ine ndinaika zala ziwiri.

Mnzanga anayang'ana mzere woyamba, anayang'ana ine.

"Fundi, tikumanga khonde kapena khola la mbuzi? Mipata imeneyi ndi yogwetsera ndowe."

"Bulugamu amafuna mphepo. Ukathinitsa amaola."

"Ehe. Chaka chino bulugamu wayamba kupuma ngati munthu?"

"Iwe dziwa za matope ako."

"Matope anga sanagwetsepo nkhalamba." Anaponda pakati pa mitanda iwiri, thabwa linawerama. Analumpha pang'ono, linaweramanso. "Aka n'kabedi ka masipuling'i. Asebele ako adzagona bwino."

Asebele ndi mmene timaitanirana kuno makolo a mwamuna ndi a mkazi. Kummwera amati asewere. Sindinaseke. Ataona nkhope yanga anasiya nthabwala, n'kunena chapansipansi, "Matabwa achepa, eti?"

Ndinati, "Gwira uko."

Anagwira. Tinamaliza masiku anayi. Ndinapaka oyilo wambiri kuti lioneke lakuda ndi lolimba. Mkamwana anatuma mawu othokoza mwa mkazi wanga, ndi nkhuku. Ndinaidya.

Panapita milungu itatu ya dzuwa loopsa, lija lotsogolera mvula. Thabwa laliwisi likauma limabwerera. Ndinkadziwa zimenezo kuposa munthu aliyense m'boma lino. Mipata ya zala ziwiri inasanduka ya zala zitatu. Mvula inagwa, msewu wa kumapiri unatsekeka.

Asewere anafika Loweruka, mwana wanga ndiye anakawatenga. Lamulungu titaweruka ku tchalitchi tinapita kukawalonjera. Anali mayi wamng'ono thupi, pakamwa popotoka mbali imodzi, koma maso akuthwa. Mawu ankatuluka molemera, komabe ankamveka.

"Ndinu amene mwandimangira bwalo, asewere? Ndamva kuti kuno simuyeza, mumangonunkhiza."

Anthu anaseka, inenso ndinaseka. Mwana wanga anati, "Amayi, adada akanena nambala, ndi yomweyo. Tiyeni mukaone."

Ine ndinaima pansi chapatali, pabwalo la kuseri, chifukwa mkamwana ndiye ankakankha mpando. Anatuluka pa chitseko bwinobwino. Matayala aakulu a kumbuyo anadutsa. Mpando umenewo uli ndi timatayala tiwiri kutsogolo, topyapyala. Atafika pakati, pamene panayenera kukhala mtanda wachinayi, thabwa linawerama, katayala ka kumanzere kanalowa mumpata mpaka m'khosi. Mpando unapendekera mbali yakufa ija. Munthu wa manja awiri akanadzigwira. Iwo anangotsetsereka ngati thumba, phewa ndi tsaya n'kumenya pa matabwa.

Mkazi wanga anakuwa. Mwana wanga anawanyamula. Tsaya linali litasupuka, magazi akutsika kulowa m'khosi, oyilo wanga wakuda ali pa chitenje chawo chatsopano. Sanalire. Anangoti, "Asewere, mwanditchera msampha ngati ndine mbewa?"

Palibe anaseka. Mwana wanga anatembenukira mkazi wake.

"Iwe, maso ako ali kuti? Tsiku lililonse umakankha odwala kuchipatala, lero walephera mayi ako omwe?"

Mkamwana anali atagwada, akupukuta magazi ndi mpango wake. Sanayang'ane kumene ndinali. Anati, "Ndalakwa ine. Ndinakhota mofulumira."

Sanakhote. Ndinali pomwepo, ndinaona. Ankayenda moongoka.

Ndinali ndi pakamwa, ndinali ndi mano, lilime linalimo. Ndinayang'ana nsanamira ngati ndikuona ngati chiswe chayamba. Mwana wanga anapitiriza kukalipa mpaka m'nyumba, ndipo ine ndinakatenga njinga.

Pobwerera tinadutsa msika, mkazi wanga ali pakaliyala. Kenaka kumbuyo kwanga anati, "Pepala lija munaliwerenga?"

Ndinapalasa.

"Safunsa anadya phula," anatero.

Mwana wanga anabwerera ku ulendo wake. Asewere sanatulukenso. Mkazi wanga ankapita kukawaona Lachitatu lililonse, ndipo pobwera ankandiuza ndisanafunse. Phewa latupa. Akukana mpando. Atembenuzira bedi kukhoma. Akuti awabwezere kwawo akafere kumene kuli khonde la dothi. Kudya achepetsa. Mkamwana akabwera ku ntchito amawanyengerera ngati mwana, iwo osayankha. Pa khonde langa ankayanikapo chinangwa.

Ndinapirira milungu isanu. Ndinkapita kumunda, kupalira, kubwera, kudya. Anthu pamsewu ankandipatsabe moni wa fundi.

M'nyumba mwanga, pamwamba pa mitanda ya denga, munali matabwa khumi a mkungudza, ouma, osadula. Ndinawasankha ndekha kalekale: asanu a bokosi langa la maliro, asanu a bokosi la mkazi wanga. Kalipentala saikidwa m'bokosi logula pamsika. M'mawa wina ndinakwera pa tebulo n'kuyamba kuwatsitsa.

Mkazi wanga analowa. "Mwamva kuti mufa lero?"

"Akupita ku boma."

Anawerenga ndi maso. "Asanu ndi anu. Enawo ndi anga."

"Asanu sakwana."

"Ndiye ine mudzandikulunga mu mphasa chifukwa inu munaopa chitenje pa chingwe?"

Ndinaima pa tebulo thabwa lili m'manja.

Anakhala pa mpando, n'kuyang'ana kudenga nthawi yaitali. "Tengani. Koma mawu anu sindinyamulanso. Pa ntchito iyi ndanyamula okwanira. Mukanene nokha."

Ndinadula mtengo wa bulugamu wouma kumunda kwanga woti ukhale mtanda wachinayi, ndinabwereka ngolo. Ine ndi mkazi wanga tinafika pa boma masana, ng'ombe zili matope mpaka m'mimba. Linali tsiku lopuma la mkamwana. Nditaodira, mkamwana anatuluka, anagwada chapatali monga mwa masiku onse, nkhope kumbali. Anadikira kuti mkazi wanga atsike pa ngolo. Mkazi wanga sanatsike.

Ndinavula chipewa. Ndinayang'ana khoma, chifukwa kumuyang'ana iye sindikanatha, mwambo kapena popanda mwambo.

"Mama," ndinatero. Zaka zisanu ndi ziwiri ali pabanja lathu, amenewo anali mawu anga oyamba kwa iye opanda mkhalapakati. "Kuseri sindinayeze. Matabwa anachepa. Ndinabisa. Simunakhote inu."

Anakhalabe chogwada. Kenaka anati, "Ndinkadziwa, adada. Ndinkamva mapazi anu kumaso. Kuseri simunabwere."

"Bwanji simunanene?"

"Ndinalemba."

Ndinapotokola chipewa.

"Nanga litatha? Mipata munaiona."

"Ndinaiona. Ndinati mwina ndi mmene amamangira kuno. Mtima unkakana, koma ndinati fundi ndi iwo." Anapitiriza: "Ndinawakankhira amayi anga pamalo pamene ndinkakayika. Zimenezo ndi zanga, adada. Zinazo ndi zanu."

Sananditonthoze, ndipo anachita bwino.

Ndinatulutsa tepi yanga yachitsulo, imene inkakhala m'bokosi la zida chaka ndi chaka osatuluka. Ndinati, "Gwirani nsonga iyi pa chitseko cha amayi." Anazengereza, anayang'ana ku ngolo. Mkazi wanga anati, "Gwira, mwana wanga. Akakuluma ndili pano." Anagwira. Ine ndinayenda nayo mpaka ku khitchini, n'kuwerenga mokweza. Iye analemba.

Ndinazula matabwa onse, limodzilimodzi, kuwongola misomali pa mwala chifukwa ya kusitolo inali itakwera mtengo. Mnzanga wa njerwa anabwera tsiku lachiwiri osaitanidwa. Ananunkhiza mkungudza, anandiyang'ana, anati, "Awa si a ulendo wako womaliza?"

"Gwira uko."

"Ndagwira. Koma usafe mwezi uno, ndilibe mphasa yobwereketsa."

Tinaika mtanda wachinayi. Matabwa tinawathinitsa, mpata wa msomali umodzi. Bulugamu anali atabwerera kwambiri moti khumi aja analowa onse, osatsala ngakhale chidutswa. Khonde linatuluka la mitundu iwiri, lakuda uku, lofiirira uko. Aliyense wodziwa matabwa akaliona amadziwa kuti pamenepa munthu analakwitsa. Ndinasiya choncho, sindinapake.

Mwana wanga ndinamuuza pa foni ali kumalire. Anati, "Adada, zatha, musadandaule." Ndinati, "Sindikudandaula. Ndikuti ukapepese mkazi wako." Ndinadula.

Tsiku lomaliza asewere anakana kutuluka. Mkamwana anawachonderera, mkazi wanga anawachonderera. Ine ndinali panja, ndikumva. Pamapeto mawu olemera aja anati, "Aitaneni eniake."

Ndinalowa. Anali atatha thupi. Pa tsaya panali chipsera chakuda. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi.

"Akankhe iwowa. Tikagwa tigwere limodzi."

Ndinali ndisanagwirepo mpando wotero. Unali wopepuka kuposa wilibala yopanda kanthu. Ndinaukankha pang'onopang'ono, maso anga ali pa timatayala ta kutsogolo. Tinadutsa chitseko. Tinafika pakati. Dzanja lawo lamoyo linagwira chitsulo mpaka mitsempha kuoneka. Thabwa silinawerame. Tinapita mpaka ku khitchini, ndinatembenuza, ndinawaimika poyang'ana kudambo.

Asewere anayang'ana uku ndi uku. Kumunsi anthu anali m'minda, ena akuthira feteleza.

"Pamene ndinkafika anali asanabzale," anatero. "Taonani, chimanga chafika m'chiuno. Ine ndimafuna kuona chikumera, asewere. Chaka chamawa sindikudziwa."

Ndinaima kumbuyo kwawo, manja ali pa mpando, mpaka anandiuza okha kuti ndingathe kupita.